Kuitana mzimu wothawa: mwambo wa Ahmong

Ahmong, mtundu wa anthu a ku Laos, amene ambiri anathawira ku America nkhondo itatha mu 1975, amakhulupirira kuti munthu akadzidzimuka koopsa, monga pangozi kapena pankhondo, mzimu wake umathawa m'thupi. Munthuyo amayamba kusowa tulo ndi kukana chakudya, amangoti ndwii.

Mwambo wouitana amautcha hu plig. Woitanayo amaima pakhomo lotsegula ndi mbale ya mpunga, mazira ndi zofukiza, nkhuku zamoyo zili pambali. Amatchula dzina la wodwala, kunyengerera mzimuwo kuti ubwerere kwawo. Kenaka amaponya pansi nyanga yong'ambidwa pakati, kuona ngati mzimuwo wavomera. Nkhuku zija amazipha, kuziphika, n'kuyang'ana mapazi, lilime ndi chigaza. Zizindikiro zikaipa, amabwereza mwambowo. Pomaliza abale amamanga ulusi woyera padzanja la wodwala, aliyense akumudalitsa, ndipo suchotsedwa masiku atatu asanathe.

Ife timaona kuti mphamvu yake ili pa abalewo: wovutika m'maganizo amaona kuti sanatayidwe. Koma vuto limabwera banja likasiyitsa wodwala khunyu mankhwala ake, kapena kunyalanyaza munthu wolankhula zodzipha, ati mwambo wakwanira. Wolankhula zodziphayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.