Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: kapiritsi kamene ndinkakana

Gawo lapita ndinasiyira pa maliro a bambo ku Ntcheu, sitiroko inawatenga ali ndi zaka 61 zokha. Nditabwerera ku Leicester, ku England, kuntchito yanga yosamalira okalamba ndinapeza kalata ya NHS Health Check, ija achipatala cha boma amaitana anthu a zaka 40 mpaka 74 kukayezetsa thanzi, ndiye ndi mantha a maliro aja ndinapita.

Zotsatira za magazi zinandidula mawondo. Kolesitolo ya LDL, mafuta oipa aja amene amakanirira m'mitsempha mpaka magazi kusowa podutsa, inali yokwera, 4.7, ine woonda chonchi! Adokotala atamva za bambo anati mayi tiyambe atorvastatin wa 20mg, mankhwala otsitsa mafutawa a m'gulu la ma statin. Ndinakana ndithu, ndinati mankhwala omwa moyo wonse ine ayi, ndisintha kadyedwe. Ndinasiya batala, nkhumba, tchipisi, miyezi 6 yathunthu nyemba ndi masamba owiritsa basi mpaka ana kumadandaula kuti pakhomo pano ndiwo zinatha kukoma. Kukayezanso, 4.4. Ndinalira m'basi.

Mpamene adokotala anandikhazika pansi nkundiuza kuti kolesitolo yambiri sichokera m'mbale, chiwindi chimadzipangira chokha, ndipo ena zimayendera kumtundu. Ma statin amatseka kachipangizo ka m'chiwindi kotchedwa HMG-CoA reductase, kamene kamathandiza kupanga kolesitolo, ndiye chiwindi chikaona kuti chaperewera chimayamba kukoka LDL ija m'magazi. Apa ndinagonja.

Masabata oyamba akatumba a miyendo ankaphwanya pang'ono, ndinawauza, anandiyeza magazi nkunena kuti ndipitirize, zinatha zokha. Patatha miyezi 3 LDL inali 2.5. Abale, kuchoka pa 4.4, pafupifupi theka, kapiritsi kamodzi patsiku! Ndi chimwemwe ndinapempha kuti andipatse 40mg itsikenso theka lina, anandiuza kuti sizitero, kuwirikiza mlingo kumangowonjezera pafupifupi 6 peresenti basi. Nyemba zija sindinasiye, anati ziziyendera limodzi, komanso ndisamamwe juwisi wambiri wa grapefruit poti amasokoneza mankhwalawa.

Chimandiwawa mpaka lero nchakuti bambo ankayezetsa BP yokha, za mafutawa sitinaziganizeko. Usiku omwewo ndinaimbira achimwene ku Lilongwe kuti akayezetse, ndalama ndituma ndine. Zomwe anandiyankha ndikuuzani gawo likubwerali.