Nyumba yakale ya ku Hatfield tagula, koma zimene ndadutsamo abale

Makiyi tinalandira Lachisanu lapitali ndipo mpaka pano ndikagona ndimalota ndili pamzere. Miyezi isanu ndi iwiri ndikuthamangathamanga chifukwa cha kanyumba ka zipinda zitatu ku Hatfield, mu Harare muno, denga la asibesitasi, mawindo azitsulo aja opentedwa kambirimbiri mpaka ena sakutsekeka. Koma puloti yake ndi ekala yathunthu, masikweya mita 4,000 ndi kanthu, mitengo ya mapeyala iwiri, mango, ndi kakoteji kumbuyo. Ife tinakulira ku Mbare, agogo anabwera kuchokera ku Dedza nthawi ya Federation, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chija, tinkagona asanu m'chipinda chimodzi, ndiye tsiku loyamba nditangoima pakati pa bwalolo mtima unapita basi. Mayi a kunyumba anachita kundigwira mkono, "abambo, dekhani, tisanaone mapepala musalonjeze munthu kanthu."

Ejenti anangonena mosabisa kuti nyumbayi mutha kugwetsa, chimene mukugula ndi dothi. Ananena zoona, mtengo wa malo ngati amenewa umakhala pa dothi. Ndiye ngati ndalama zanu zikupita ku dothi, fufuzani zikhomo za malire musanapereke ngakhale dola imodzi. Ine ndinkangoyesa kuti pamene pali duwawolo, mpanda wa simenti uja, ndi pamene pali malire. Ayi ndithu. Loya wathu anatiuza kuti titenge dayagramu ya puloti yochokera kwa Surveyor-General, ofesi ya boma yosunga mapu a malire a malo, ndipo tiitane wopima malo adzafukule zikhomo, ndinayamba kudandaula za ndalama koma ndinamvera. Munthu uja anabwera ndi zida zake, anakumba pakona ya kumbuyo nkupeza kachitsulo kali mu simenti, kali mkati mwa munda wa aneba, pansi pa nthochi zawo. Mpanda unalowa mbali yathu pafupifupi mamita atatu mzere wonse wakumbuyo. Anebawo si anthu oipa, iwonso anaupeza choncho pogula, koma nkhani yoteroyo mukaitulukira mutasamukira kale imasanduka udani wa zaka. Ife tinakambirana tisanasaine, ogulitsa alipo, zinalembedwa.

Za nyumba yeniyeniyo ndinapita ndi mkulu wa mpingo wathu wa CCAP amene wakhala akumanga nyumba kuyambira ine ndisanabadwe. Sanayambe n'kulowa mkati ayi, anazungulira kunja kawiri ali chete manja kumbuyo. Kenako anandiitana pakona ya khitchini nkundionetsa mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, analowetsamo kakobiri kakalowa theka. Anati, "mwana wanga, ming'alu yopyapyala ya pulasitala isakuopse, nyumba iliyonse yakale ili nayo, koma uwu ukutiuza kuti pansi pakusuntha." Anatsatira nkupeza kuti paipi ya madzi a m'sinki inasweka kalekale ndipo madzi ankangonyikira pa fawundeshoni pomwepo. Anati zimenezo nzokonzeka, zikanakhala kuti nyumba ili pa dothi lakuda la m'dambo lija limatupa nthawi ya mvula nkung'ambika m'chilimwe, akanandiuza kuti ndithawe. Mbali imene tili ife ndi ya mchenga.

M'denga tinakwezamo mnyamata wawo ndi tochi ndi sikuludiraiva. Chiswe abale! Kunja thabwa likuoneka bwinobwino, akangobaya chitsulo chimalowa ngati mu nsima. Matabwa anayi a mbali ya bafa anali atatha, giza yakale ikudontha pang'onopang'ono pamenepo. Mawaya amagetsi ena anali akale aja okutidwa ndi labala, ukangogwira amafumbutuka. Asibesitasi anati tisaiswe, tisaicheke, tisaikwereze ndi burashi yawaya chifukwa fumbi lake ndi limene limawononga mapapo, ikakhala yosasweka ikhoza kudikira mpaka titapeza ndalama ya malata. Pansi pa kapeti yonunkha ya pabalaza tinapeza timatabwa ta pakwe tabwinobwino, apa pokha ndi pamene mkuluyo anamwetulira.

Tsono chimene chinandipweteka mtima, ndipo ndikulemba pano dzanja likunjenjemera, ndi nkhani ya mapulani a kakoteji kaja. Loya anati tifune mapulani ovomerezeka, chifukwa ngati kanamangidwa popanda chilolezo mlandu udzagwera ife eni atsopano. Ogulitsa analibe kapepala kalikonse. Ndinapita ku ofesi ina m'tauni, sinditchula, ndinapempha tsiku kuntchito, ndinakwera kombi 6 koloko isanakwane, 7 koloko ndili kale pakhomo. Ndinaima mpaka 10, kufika pawindo akuti pitani chipinda china. Chipinda chinacho akuti kalipireni kaye ndalama yofufuzira failo. Kokalipira akuti sisitimu yagwa, dikirani. Ndinadikira pabenchi popanda ngakhale madzi kuopa kutaya malo, itadzuka ndinalipira, kubwerera ndi lisiti munthu wa mafailo wapita ku nkhomaliro ndipo kiyi wapita naye. Anabwera 3 koloko ikulowa nkundiuza kuti bwerani mawa. Mawa lakelo akuti failo sikuoneka. Sabata yotsatira ndinapezako munthu wina amene anayang'ana lisiti yanga nkunena kuti nambala ya puloti inalembedwa molakwika, ndikalipirenso kachiwiri. Analemba molakwika ndi iwo omwe, ine ndinapereka nambala yolondola yochokera pa title deed, chikalata cha umwini wa malo! Ndinalipira chifukwa ukakangana nawo failo yako ndiye siidzapezekanso. Masiku atatu a ntchito anapita, abwana anandidula malipiro a tsiku limodzi, ndipo pomaliza failo itapezeka munali pulani ya nyumba yaikulu yokha, koteji mulibemo. Yankho limene ndikanalimva tsiku loyamba lomwelo mu mphindi khumi. Mukamapita kumaofesi oterewa tengani fotokope ya title deed, onetsetsani ndi maso anu nambala imene akulemba pa lisiti musanachoke pawindo.

Chabwino chake nchakuti tinagwiritsa ntchito zimenezi kutsitsa mtengo, pamodzi ndi chiswe ndi mawaya, mkulu uja analemba mtengo wokonzera chilichonse papepala ndipo ogulitsa sanathe kutsutsa.

Aa ndalumpha chinthu chachikulu, chimene chimayenera kukhala choyambirira. Deeds Office, ofesi ya boma yosunga zikalata za umwini wa malo. Musakhulupirire fotokope imene ejenti wakupatsani, mu Harare muno anthu alira nazo zikalata zabodza. Loya wanu, wosankha nokha, akafufuze ku Deeds Office kuti dzina lili pamenepo ndi la ndani, pali ngongole ya kubanki kapena chiletso chilichonse. Kwa ife kunapezeka kuti nyumba ikadali m'dzina la bambo amene anamwalira, ana awo ndi amene amagulitsa, mmodzi ali konkuno, wina ku Johannesburg, wina ku Leeds. Nyumba ya malemu simungoigula kwa mwana amene ali ndi makiyi, pamafunika woyendetsa chuma cha masiye wovomerezeka ndi chilolezo chogulitsira chochokera kwa Master of the High Court, ofesi ya khoti yoyang'anira chuma cha masiye. Izi zinatidyera miyezi itatu koma sindikudandaula, ndalama zathu zinali mu akaunti ya loya nthawi yonseyo, palibe anazigwira. Ejenti nayenso funsani ngati analembetsa ku Estate Agents Council, bungwe loyang'anira maejenti ogulitsa nyumba, ambiri amene amaika zithunzi pa Facebook alibe ndi ofesi yomwe.

Madzi. Aliyense amadziwa kuti a mupopi kuno amabwera akafuna, ndiye puloti yaikulu yopanda madzi akeake ndi chipululu. Pamalopa pali chitsime chakale chokumba ndi manja, ndinasangalala, mpaka mkulu uja anayenda mapazi kuchokera pachitsime kukafika pa septiki nkupukusa mutu. Zayandikana kwambiri, ndipo dothi la mchenga limadutsitsa zoipa mosavuta. Amene tinaliko mu 2008 ndi 2018 kolera timaidziwa, sitichita kuuzidwa. Tinatenga madzi kukayezetsa, akumwa ayi, akuthirira ndiwo basi, mjigo tidzaboola kutsogolo kutali ndi septiki tikapeza chilolezo. Ndipo ngati mungathe pitani mukaone malowo mu Januwale kapena Febuluwale mvula ili pakati. Ife tinapitako itagwa usiku wonse, kona ya kumunsi madzi anali m'akakolo, pomwepo ndi pamene ine ndinkalota kudzamanga nyumba ya ana. M'mwezi wa Ogasiti simungazione zimenezo.

Ena akundiuza kuti udule pakati ugulitse theka ubweze ndalama. Sizichitika ndi pakamwa, kudula puloti kumafuna chilolezo cha khonsolo, ndipo puloti yodalira septiki ili ndi mlingo wake, siingachepere pamenepo, komanso werengani zoletsa zimene zalembedwa mu title deed momwemo. Musagule powerengera ndalama ya theka limene simunaloledwe kudula. Za mabilu ndinene mwachidule, ngongole ya khonsolo amalipira ogulitsa chifukwa popanda rates clearance, pepala losonyeza kuti ngongoleyo yatha, dzina silisinthidwa, chimodzimodzi pepala la msonkho la ku ZIMRA, bungwe lotolera misonkho. Koma mita ya magetsi ya ZESA yang'anani nokha, gulani magetsi pang'ono muone lisiti, ngati pali ngongole yakale imaoneka akamadula pa ndalama yanuyo.

Ndibwerezenso za zikhomo, chifukwa dzulo lomweli m'bale wina wandiimbira kuti wapereka kale dipoziti ya nyumba ku Waterfalls, dera lina la mu Harare muno, osaona ngakhale chimodzi. Itanani wopima malo, muime pomwepo akamakumba, mujambule chikhomo chilichonse pafoni.

Panopa tikugona pabalaza matiresi pansi, mbali ya bafa denga lili pamtunda, akalipentala ayamba Lolemba. Mayi a kunyumba adzala kale chigwada ndi nkhwani kumbuyo kufupi ndi chitsime, ndipo aneba aja abwera m'mawa uno kudzafunsa kuti mpanda tiyamba liti kusuntha kuti achotse nthochi zawo.