Nyumba imodzi ya ku Chalala pa mapepala ambiri

Sabata yonse yapitayi tinali pa mapulani a nyumba yosanja ya mafulati anayi imene ikuyembekezeka kumangidwa ku Chalala, dera la ku Lusaka. Zojambula zake zinayenera kukhala zokonzeka kuti zikaperekedwe ku khonsolo ya mzinda wa Lusaka, chifukwa lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti munthu alandire kaye chilolezo asanayambe kumanga. Nyumbayo ndi imodzi, koma owerenga mapulani ake ndi ambiri. A ku khonsolo amafuna kuona malire a puloti ndi pamene nyumba yakhala, pulamba amafuna mapaipi, wa zamagetsi amafuna masoketi ndi masiwichi, pomwe mwini nyumba amafuna zipinda ndi mipando. Ntchito yanga monga wojambula mu AutoCAD, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani, ndi kuonetsetsa kuti aliyense akuona zokhudza iye, koma zonsezo zichokere pa chojambula chimodzi.

Fayilo imene tinalandira Lolemba inayambidwa ndi ofesi ina, ndipo pulani ya nyumba yapansi inali itakopedwa kanayi mu model space (malo ojambulira nyumba yeniyeniyo mu fayilo), kope lililonse atalichotsa zina ndi kuliwonjezera zina. Njira imeneyi ndimaikana kwathunthu. Mwini nyumba anali atapempha kale kuti khoma la khitchini lisunthidwe ndi mamilimita 300, ndipo ndi makope anayi khomalo liyenera kusunthidwa kanayi. Mukaiwala kope limodzi, pulamba adzakumba potsata khoma limene kulibe. Paper space, malo okonzera mapepala osindikiza kuchokera pa chojambula chimodzi, inabwera mu AutoCAD Release 11 mu 1990, ndipo kuyambira AutoCAD 2000 fayilo imodzi imanyamula ma layout ambiri, kutanthauza mapepala oterowo, kotero palibe chifukwa chokopera nyumba. Tsiku lonse linathera pa kuphatikiza makopewo ndi kuika chinthu chilichonse pa leya yake, ndiye kuti gulu la zinthu zimene zingabisidwe kapena kuonetsedwa pamodzi: makoma pa A-WALL, zitseko pa A-DOOR, mipando pa A-FURN, masoketi pa E-POWR.

Lachiwiri ndinapatsa mtsikana wina wa ku koleji, amene ali nafe pa atachimenti, ntchito yokonza pepala la zamagetsi. Posakhalitsa anandiitana: “Bambo, mipando yasowanso pa pepala la mwini nyumba, koma ine ndinaichotsa pa la zamagetsi pokha.” Anali atadina kababu, kachizindikiro kozimitsira leya ya A-FURN. Ambiri amayambira pomwepo, chifukwa kababuko ndi kamene kamaoneka poyamba, koma kuzimitsa leya ndi Off, ngakhalenso kuiumitsa ndi Freeze wamba, kumagwira fayilo yonse ndi ma layout ake onse. Chofunika ndi kudina kawiri mkati mwa viewport (kawindo koonetsa chojambula) ya pepalalo, kutsegula Layer Properties Manager, ndi kusankha VP Freeze. Pamenepo mipando imabisika mu viewport imeneyo yokha, kwinako imakhalabe. Amene amakonda kiyibodi angalembe LAYFRZ ali mkati mwa viewport ndi kuloza chinthu chimene sakuchifuna, kapena VPLAYER akafuna kubisa leya mu ma viewport ambiri nthawi imodzi.

Tinakhalitsa pa kusiyana kwa Off ndi Freeze, chifukwa pamaso zimaoneka zofanana. Leya yozimitsidwa imawerengedwabe pulogalamu ikamapanga regen, kutanthauza kukonzanso chithunzi chonse pa sikirini, ndipo zinthu zake zimasankhika mukalemba ALL, kotero munthu angafufute zimene sakuziona. Leya youmitsidwa sisankhika konse. Kusiyanaku kumaonekera kwambiri pa ma block, omwe ndi mizere yomangidwa pamodzi ngati chinthu chimodzi. Chitseko chathu ndi block yoikidwa pa A-DOOR, koma nambala yake ili pa leya ina mkati mwa block momwemo. Mukazimitsa A-DOOR, chitseko chimasowa koma nambala imatsala ili lende pakhoma. Mukaiumitsa, block yonse imapita pamodzi ndi nambala yake. Ndicho chifukwa chake ndimaumirira kuti mizere ya mkati mwa block ijambulidwe pa leya 0, kuti itenge makhalidwe a leya imene block yaikidwapo.

Lachitatu injiniya anatumiza fayilo ya mizati ndi maziko, ndipo tinailumikiza ngati xref, ndiye kuti fayilo yakunja yoonekera mu chojambula chathu. Maleya ake atsopano anatulukira pa mapepala onse, ngakhale pa la mipando, popeza VP Freeze imagwira maleya okhawo amene munawaumitsa kale. Ndinawabisa ndi VPLAYER, ndinawaikira New VP Freeze kuti asatulukire mu ma viewport amene tidzapange mtsogolo, ndipo ndinatsimikiza kuti VISRETAIN ili pa 1 kuti zimene tasankhazo zisatayike fayilo ikatsegulidwanso. Pa pepala la zamagetsi makoma sitinawabise, chifukwa soketi yopanda khoma siuza munthu kanthu. Tinangowapatsa mtundu wotuwa ndi mzere wopyapyala kudzera mu VP Color ndi VP Lineweight, zimene zinabwera mu AutoCAD 2008, kuti mawaya aoneke bwino pamwamba pake.

Pepala limene ndinalisamala koposa ndi la puloti, la sikelo ya 1:500, limene tinaligwira Lachinayi. Ku Chalala nyumba zambiri zimadalira borehole ndi septic tank pa puloti imodzimodzi, ndipo mbali yaikulu ya Lusaka yakhala pa miyala ya laimu ndi dolomite imene ili ndi ming’alu yolola madzi oipa kutsika msanga. Choncho borehole, septic tank ndi soakaway (dzenje lolowetsa madzi oipa pansi) ziyenera kuonekera pamodzi pa pepala limodzi, mtunda wa pakati pake utalembedwa, kuti woyendera mapulani aweruze ndi maso ake. Mu fayilo yakale ija borehole inali pa leya ya mitengo ndi kapinga, kutanthauza kuti aliyense wobisa zokongoletsa pabwalo akanabisanso gwero la madzi akumwa a mabanja anayi. Ndinaipatsa leya yakeyake. Manambala a miyeso ndinawapanga annotative, kutanthauza otsata sikelo imene apatsidwa, ena a 1:100 ena a 1:500, ndipo ANNOALLVISIBLE itakhala pa 0 viewport iliyonse imaonetsa a sikelo yake okha. Kenako ndinakhoma ma viewport onse kuti sikelo isasinthike wina akapanga zoom mkati.

Puloti ija si ya ngodya zinayi zolunjika, motero viewport yake ndinaidula ndi VPCLIP potsata malire. Apa pamafunika kusamala: leya ya mzere wozungulira viewport yotereyi siyenera kuumitsidwa, chifukwa kudulako kumaleka kugwira bwino. Ine ndimaiika pa leya yakeyake yoletsedwa kusindikizidwa, m’malo mwa Defpoints imene pulogalamu imadzipangira pa nkhani ya miyeso. Mtsikana uja anafunsa ngati HIDEOBJECTS, imene imabisa zinthu zimene mwasankha, singachite zonsezi mwachangu. Imathandiza pojambula malo othinana, koma pulogalamu ikakhala pa makonzedwe ake oyambirira, zobisidwazo zimaonekanso fayilo ikatsekedwa ndi kutsegulidwa, choncho si yodalirika pa pepala lopita ku khonsolo.

Lachisanu tinatulutsa mapepala onse ngati PDF ndi PUBLISH, ndipo tinawayang’ana limodzi limodzi tisanawononge pepala la A1. Khoma la khitchini linali pamalo ake atsopano pa pepala lililonse, ngakhale linasunthidwa kamodzi kokha. Maonekedwe a maleya a pepala lililonse ndinawasunga mu Layer States Manager, ndipo maleya ndi ma layout ndinawasandutsa template ya ofesi, fayilo yoyambirapo ntchito zatsopano. Sabata ino mtsikana uja ayamba nayo yekha pa mapulani a nyumba ya alonda ndi mpanda wa puloti yomweyo, amene mwini nyumba wapempha kuti awonjezedwe.