Sabata yotseka mafomu pa Ginnery Corner

Ntchito yanga ndi ya makina: fotokope, kutayipa, kusikana zikalata ndi kumanga mabuku a ana asukulu akamaliza kafukufuku wawo. Kaofesi kanga kali pa Ginnery Corner, kuseri kwa mashopu, yunivesite ya MUBAS mbali iyi, chipatala cha Queens mbali iyo, ndiye ondidyetsa ambiri ndi ana asukulu, anamwino ndi aphunzitsi. Koma pa chaka pamakhala sabata imodzi imene ndimasanduka mlangizi wa maphunziro popanda wondilemba ntchitoyo. Ndi sabata imene sikolashipu ya Chevening imatseka, ija boma la Britain limalipirira munthu masters ya chaka chimodzi, iye n'kulonjeza kuti akamaliza abwerera kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri.

Ulendo uno anatseka mu Okutobala, tsiku Lachiwiri. Anthu anazolowera Novembala. Lachitatu m'mawa, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti atseke, pobwera kudzatsegula ndinapeza bambo ena a tayi ataima pakhomo, thukuta lili kamukamu, akuti mnzawo wawauza usiku womwewo. "Mayi, ine ndimayesa ndikadali ndi mwezi wathunthu." Ndinawapatsa mpando ndi madzi.

Bambowa anaphunzira pa Poly, anamaliza 2016. Pomwe fomu imafunsa dzina la yunivesite anali atalemba MUBAS, pamene satifiketi yawo ikuti University of Malawi. Izi ndimaziona chaka ndi chaka. Kufikira 2021 Poly inali koleji ya University of Malawi, chimodzimodzi College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Chaka chimenecho ndi pomwe Poly inakhala MUBAS, ziwiri zinazo n'kuphatikizana kukhala KUHeS. Ife kuno timadziwa kuti njerwa zake ndi zomwezija. Koma wokhala mu ofesi ku Leeds kapena ku Glasgow, mapepala ataunjikana patsogolo pake, alibe nthawi yofufuza mbiri yathu. Ndinawauza kuti alembe zimene zili pa pepala, osati zimene zili pa geti. Anaseka, koma anakonza.

Lachinayi ndi lomwe landikhala pamtima mpaka pano. Masana kunabwera namwino wa pa chipatala china chaching'ono m'tauni muno, yunifomu ikadali m'thupi, atachokera naiti. Anatulutsa fulashi m'kachikwama kandalama n'kunena kuti ndimusindikizire mayankho ake anayi awerengenso kunyumba. Chevening imafunsa zinthu zinayi: utsogoleri wako, mmene umamangira ubale ndi anthu pa ntchito, chifukwa chomwe wasankhira maphunziro amene ukufunawo, ndi zomwe udzachite ukabwerako. Pepala likamatuluka m'makina maso amawerenga okha, musatiimbe mlandu ife a fotokope. Yankho lake la utsogoleri linali Chingerezi chamtengo wapatali kuyambira pamwamba mpaka pansi: iye ndi munthu wa masomphenya, wokonda dziko lake, wofuna kusintha zaumoyo m'Malawi muno. Munalibe munthu ngakhale mmodzi mmenemo, munalibe tsiku, munalibe malo.

"Asisi, pepani ndawerenga. Kodi kuchipatalako munatsogolerapo chiyani?"

"Aaa, anti, ine si bwana ayi. Ndine nesi wamba."

"Nanga chimene munayambitsa inuyo, chomwe kulibe inu sichikanakhalako?"

Anakhala chete, akupukusa mutu. Ndinapitiriza kumanga buku la mwana wina. Patapita nthawi ndinamva akuti, "Kapena kope lija." Nkhani yake inali iyi. Ku sikelo anaona kuti amayi ambiri amabwera ndi ana mwezi woyamba, wachiwiri, wachitatu, kenako n'kuzimiririka, katemera wa chikuku wa pa miyezi 9 osabwera, wa pa miyezi 15 ndiye osanena. Anagula kope la hadikava ndi ndalama yake, n'kumalemba dzina la mwana, dera lomwe akukhala, ndi chizindikiro choti ungapezere nyumbayo, poti kumeneko nyumba zilibe manambala: kuseri kwa chigayo, pafupi ndi mpopi wachiwiri, moyang'anizana ndi tchalitchi cha malata. Kenako anakambirana ndi alangizi azaumoyo kuti akamayenda m'madera azitenga mayinawo. Mfumu ina ya m'deralo inakana poyamba, ikuti anthu ayesa kuti mayina akupita kwina. Iye anapita katatu, kachitatu anatengana ndi mayi wina amene mwana wake anadwalapo chikuku n'kutsala pang'ono kuchita khungu. Mfumu inalola, mpaka inayamba kulengeza yokha pa maliro.

Ndinasiya buku lija. "Asisi, zimenezi mwazisiya kuti?"

"Nanga azungu angafune kumva za kope?"

Apa ndi pomwe timagwera ife. Tinaleredwa kuti munthu sadzitama, fumbi ndiwe mwini timangonena pakamwa. Ndiye akatifunsa kuti unachitapo chiyani timathawira ku mawu akuluakulu osaloza kanthu, poti amenewo sachititsa manyazi. Chenicheni chomwe tinagwira ndi manja timachiona chochepa. Ndinamuuza kuti ine sindimulembera, Chingerezi changa n'cha pa Form 4 ndi kosi ya ulembi, koma apite akagone, akadzuka alembe za kope, za mfumu, za maulendo atatu aja, m'mawu omwe wandiuzira ine.

Lachisanu linali la zidindo. Si onse amafuna kupita kunja. Aphunzitsi ena a sekondale ya ku Chilomoni amafunsira masters konkuno, ndipo kumeneko zofunika zake ndi zamapepala: fomu, satifiketi ndi transcript zodindidwa ndi commissioner for oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kutsimikiza zikalata, makalata a oikira umboni, ndi silipi ya ku banki yosonyeza kuti walipira. Iwo anajambula zonsezi pa foni usiku, pa mphasa, chala chawo chikuoneka pakona, chidindo chosawerengeka. Tinasikananso. Oikira umboni mmodzi, mphunzitsi wawo wakale, samayankha foni sabata yachiwiri. Ndinawafunsa kuti anamupempha liti. Akuti Lolemba lapitalo, pa WhatsApp, patatha zaka 9 osalankhulana. Sindinanene kanthu.

Tsiku lomwelo kunabwera mtsikana wofuna kupita ku South Africa. Kumeneko digiri yakunja amafuna iyambe yaunikidwa ndi bungwe lawo la SAQA, ndipo masters yawo nthawi zambiri imafuna munthu wa Honours, ndiye ena amakapezeka akuyambira pamenepo chaka chathunthu. Zonsezi anali atazidziwa kale, mwana wochenjera. Chomwe chinamukanika ndi kulipira. Khadi inakana kanayi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yofunsira malo yokha imalemera ngati lendi, ndipo ukhale nayo m'makwacha, kuti ituluke kunja ndi nkhani ina. Mapeto ake anaimbira mlamu wake wa ku Johannesburg kuti alipire komweko, iye apereke makwacha kwa apongozi a mlamuyo ku Bangwe.

Loweruka kunabwera anyamata awiri, mmodzi m'mawa, wina chakumadzulo, osadziwana. Nditasindikiza a wachiwiri ndinaona kuti chiganizo choyamba ndachiwerengapo kale tsiku lomwelo. Ndinayang'ana m'bini momwe munali pepala lopindika la woyamba uja. Mawu omwewo, kusiyana dzina la kosi basi. Onse anakafunsa makina aja olemba okha pa intaneti. A Chevening amanena poyera kuti mayankho okopera kapena olembedwa ndi makina amawataya. Nditamuuza, mnyamatayo anandifunsa kuti ndingamulembere zingati. Kunena zoona ndinachitapo zimenezi kamodzi, kale, ndili pa ngongole ya makina a fotokope. Munthuyo anafika mpaka pa intavyu, ndipo atamufunsa za nkhani yomwe inali m'yankho lake anasowa chonena, poti nkhaniyo inali ya mchimwene wanga. Timakumanabe ku Limbe, moni amandipatsa woyang'ana kumbali. Mnyamatayu ndinamukanira. Anachoka akung'ung'udza kuti kutsidya kuli ena.

Lamulungu sinditsegula. Foni yokha ndiyo inapemphera nane, kunjenjemera m'chikwama ulaliki wonse.

Lolemba bambo a tayi aja anabweranso ndi vuto la masamu. Chevening imafuna maola 2,800 a ntchito, omwe ndi ngati zaka ziwiri, ndipo fomu imawerengetsa yokha masabata kuchulukitsa ndi maola a pa sabata. Iwo agwira ntchito zaka zambiri, koma pomwe amafunsa maola a pa sabata analemba 8, a pa tsiku. Makina anawayesa waganyu. Tinakonza m'mphindi ziwiri zomwe zikanawagwetsa munthu asanawerenge ngakhale liwu limodzi la mayankho awo. Anafunsanso za IELTS, mayeso a Chingerezi aja. Sikolashipuyo payokha inasiya kufuna mayeso a Chingerezi, koma yunivesite iliyonse ili ndi lamulo lake, ndipo zotsatira za IELTS zimagwira zaka ziwiri zokha, ndiye zawo za 2019 ndi zokongoletsera fayilo.

Namwino uja anatulukira cha m'ma 4, maso ali psuu. Anali atalembanso zonse. Ndinawerenga nditaimirira. Kope linalimo, mfumu inalimo, mayi wa mwana wa chikuku analimo. Pa funso la makosi anasankha atatu ofanana a public health, n'kufotokoza kuti akufuna akaphunzire mmene kope ngati lake lingasandukire dongosolo la boma lonse la Blantyre. Panali mawu awiri olakwika sipelo. Ndinamusonyeza amenewo basi. Anati atumiza mawa, akufuna agone nazo kaye. Ndinamuuza kuti mawa asadutse 10 koloko.

Lachiwiri magetsi anazima 9 koloko. Ndinali nditagula petulo wa jenereta Lolemba, malita asanu, poti chaka china zinandichitikirapo. Nthawi yotseka ndi 12 koloko pa nthawi ya GMT, kwathu kuno 2 koloko masana, ndipo pamenepa pamasokonekera ambiri: wina amayesa 12 yathu, wina amayesa pakati pa usiku. Makompyuta anga ndi atatu, anthu analipo oposa khumi, ena atakhala pa khonde ndi malaputopu pamiyendo akugwiritsa netiweki yanga. Namwino anafika 10 isanakwane, anawerenga komaliza milomo ikugwedera, n'kudina. Imelo yotsimikiza itabwera anaijambula pa foni katatu, n'kuthamangira minibasi, akuti ali pa ntchito masana. Bambo a tayi anatumiza 12 itangodutsa, anandisiyira Fanta ndi mandasi awiri pa tebulo.

Kuyambira 1 koloko tsambalo linayamba kulemera, dziko lonse lapansi likudina nthawi imodzi. Mtsikana wina anaiwala pasiwedi, uthenga wosinthira unapita ku imelo ya kuntchito komwe anachoka chaka chatha. Anaimbira mnzake wakumeneko, sanayankhe. Anaimbanso. 2 koloko inamupeza foni ili kukhutu.

Mnyamata wachiwiri wa Loweruka uja anafika 2 itadutsa ndi mphindi khumi, pa kabaza, fulashi ili m'manja, akuti amulembera bwinobwino kutsidya kuja ndipo nthawi ikadalipo mpaka usiku. Ndinamutembenuzira kompyuta kuti awerenge yekha. Anawerenga, anawerenganso, kenako anafunsa ngati ndingamusindikizirebe mapepalawo. Ndinasindikiza. Nditazimitsa jenereta munali zii, mpaka panalowa gogo wina ndi chiphaso chaunzika chokulungidwa m'kapulasitiki ka shuga, akufuna fotokope mbali zonse ziwiri, ndiye ndinatulukanso kukakoka chingwe.