Stanley No. 5 yayamba kupala, sikuluwu ya frog itapezeka

Puleni ya Stanley No. 5 imene ndinagula kwa wogulitsa zida zakale tsopano ikupala bwino, ndipo ntchito yonse yoikonzanso inali yopepuka kupatula sikuluwu imodzi yokha. Dzimbiri linachoka ndi parafini ndi sandipepa, kunsi kwake ndinakusalaza pagalasi lokhuthala, ndipo mpeni, umene m'lifupi mwake ndi mainchi 2, ndinaunola pa madigiri 25 monga mwa masiku onse. Pampenipo pali chizindikiro cha mtima chokhala ndi zilembo S.W., chimene chinayamba kudindidwa makampani a Stanley Works ndi Stanley Rule and Level ataphatikizana m'chaka cha 1920 ndipo chinapitirira mpaka m'ma 1930. Komabe sindikhulupirira mpeni wokha pofuna kudziwa zaka za puleni, chifukwa mipeni imatha ndipo amisiri ankaisinthanitsa.

Vuto linali pa masikuluwu awiri amene amamanga frog, chitsulo chimene mpeni umakhalapo, ku thupi la puleni. Imodzi inali yake yeniyeni, koma inayo inali bawuti wamba ya M6 (yokhuthala mamilimita 6) imene mwini wake wakale anaikakamiza kulowa, moti inagwira pang'ono pakamwa pa bowo n'kuima. Chifukwa cha zimenezi frog inkagwedera mbali imodzi, mpeni unkanjenjemera ukakumana ndi mfundo, ndipo pathabwa pankatsala timizere topingasa timene chala chimatimva diso lisanatione. Amene sanakumanepo nazo angaganize kuti kupeza sikuluwu ndi nkhani ya mphindi zochepa, koma a Stanley ankagwiritsa ntchito mazinga awoawo a 12-20, kutanthauza mazinga 20 pa inchi, pomwe sikuluwu wamba ya nambala 12 imakhala ndi 24 ndipo M6 imapitirira pang'ono 25. Zonsezi zimalowa kamodzi kapena kawiri ngati zagwirizana, kenako zimalimba, ndipo munthu akapitiriza kupotokola amakhala akudya mazinga a m'chitsulo chosungunula, chimene sichichedwa kugumuka.

Anzanga ena anandilangiza kuti ndikulitse bowolo n'kudula mazinga atsopano a makono. Ndinakana, chifukwa puleni yotere ikabooledwa siingabwererenso mmene inalili, ndipo aliyense amene adzaigwire m'tsogolo adzapeza chida chimene zipangizo zake sizigwirizana ndi za zinzake. Ndinatsuka bowolo ndi parafini ndi kaburashi ka waya, ndipo nditawalitsamo tochi ndinaona kuti mazinga apamwamba okha ndiwo anaphwanyika, a pansi onse ali bwinobwino. Chotsala chinali kudikira sikuluwu yoyenera, ndipo apa ndi pamene masiku anathera.

Inapezeka kwa bambo wina wachikulire amene ndimakonda kugulako zida, chifukwa sataya puleni yosweka ndiponso sapukuta chida mpaka kuchotsa zizindikiro zake pofuna kuti chinyezimire. Anali ndi puleni ya Stanley No. 4 yong'aluka pakamwa, yosathekanso kupalira, koma masikuluwu, chogwirira ndi nati yamkuwa zonse zinali zabwino. Kwa iwo omwewo ndi kumene ndinapeza puleni ya Record No. 4 ya penti ya buluu ya ku Sheffield, kumene a C. & J. Hampton anayamba kupanga mapuleni otengera kapangidwe ka Bailey, komwe ndi ka mapuleni a Stanley, mu 1931, ndipo mpaka lero ndiyo imene ndimamalizira ntchito. Sikuluwu ya mu puleni yoswekayo inalowa ndi zala zokha mpaka pansi, frog inakhazikika, ndipo mpeni unayamba kutulutsa tizipepala ta mtengo topiringizika, tosaduka kuchokera kumayambiriro kwa thabwa mpaka kumapeto. Kuyambira tsopano puleni yosweka ya Stanley sindidzaisiya ndikaipeza, ndipo chida chilichonse ndidzayamba ndamasula frog ndisanachigule.

Chotsatira ndi kufunafuna No. 7 ya mainchi 22 yowongolera m'mbali mwa matabwa aatali, komanso pali sowo ya Disston ya ku Philadelphia imene mano ake akudikira kunoledwa ndi kupindidwa mwatsopano. Mtima wanga uli kwambiri pa Stanley No. 45, puleni yosinthasintha mipeni yosemera mizere yosiyanasiyana, yokhala ndi mipeni yake yonse m'bokosi lake, ndipo ikapezeka ndikufuna kudzapangira kabati yonse yosungiramo zidazi popanda kugwiritsa ntchito makina alionse.