Tsiku la a Frank Whittle ku Coventry

9 Ogasiti

Lero ndinapempha ofu kuntchito chifukwa ndi tsiku limene Sir Frank Whittle anamwalira, mu 1996. Ndinatengana ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata amene mutu wake wonse uli pa ndege, ulendo wa pakati pa mzinda wa Coventry kumene kuli chiboliboli chawo, pafupi ndi Transport Museum. Anachiimika mu 2007, patatha zaka 100 chibadwire iwo. Avala yunifolomu ya asilikali a mumlengalenga, dzanja lili pachipumi kutchinga dzuwa, maso ali kumwamba. Mnyamata uja anaima pambali n'kutchinga nayenso, akuti aone chomwe agogowo akuona.

Anthu ambiri amawadziwa a Whittle ngati injiniya amene anatulukira injini ya jeti, koma ine chimene chimandigwira mtima n'choti anali woyendetsa ndege poyamba. Anabadwira ku Earlsdon mumzinda womwewu mu 1907, n'kukulira ku Leamington Spa kumene bambo awo anali ndi kawekishopu kakang'ono ka zitsulo. Atapita kukalembetsa ku RAF, gulu la asilikali a mumlengalenga a Britain, anawabweza kuti ndi wamfupi, pachifuwa m'pochepa. Anapita kukachita majowajowa ndi kudya bwino, anabweranso, anawabwezanso. Kachitatu mpamene analowa, mu 1923, ngati wophunzira kukonza ndege pa sukulu ya RAF ku Cranwell. Ndipo chimene chinawatsegulira khomo sichinali china ayi, tindege toseweretsa timene ankapanga panthawi yopuma. Akuluakulu ataona luso lake, anawasankha mu 1926 kuti akaphunzire kuulutsa ndege zenizeni. Kuulutsa kwawonso kunali kolusa: kudutsa pansipansi, kugudubuza ndege m'mwamba, mpaka anaphwanya ziwiri pokonzekera chionetsero cha ndege cha ku Hendon mu 1930.

Munthu wotere ankadziwa ndi thupi lake lomwe pamene injini ya pisitoni ndi pulopela zimalekezera. Ankaona kuti ndege ikafuna liwiro lalikulu iyenera kukwera kumwamba kwambiri kumene mpweya ndi wopepuka, koma kumeneko n'kumene injini zakale zinkabanika. Maganizo amenewa anayamba kuwalemba mu 1928 akali wophunzira, ndipo mu Januwale 1930 analembetsa patenti, chikalata choteteza umwini wa injini yawo.

Masana tinakwera basi kupita ku Midland Air Museum, kufupi ndi bwalo la ndege la Coventry, kumene kuli chigawo chokumbukira ntchito yawo. Panja pali chindege cha Vulcan, mkati muli Gloster Meteor, ndege ya jeti yoyamba kugwira ntchito ku RAF. Mnyamata anakakamira pa injini ina yotsegulidwa m'mimba.

"Amalume, popanda pulopela imakoka bwanji?"

Ndinamuonetsa ndi chala. Mpweya umalowa kutsogolo, kompresa n'kuufinya, kenako umakumana ndi mafuta a parafini n'kuyaka. Mpweya wotenthawo pothawira kumbuyo umazunguza tebaini, tebainiyo n'kumazunguzanso kompresa ija, ndipo mphamvu yotsala imakankha ndege. Kunena n'kosavuta. Kupeza chitsulo chopirira moto umenewo osasungunuka ndiye kunali kovuta, ndipo akatswiri a unduna wa zandege anaona zimenezo n'kunena kuti sizingatheke.

Apa mpamene mtima wanga umawawa nthawi zonse. Mu 1935 patenti ija inatha mphamvu chifukwa a Whittle analibe mapaundi 5 oiwonjezera, ndipo unduna unakana kulipira. Mapaundi asanu okha! Anzawo ena akale a ku RAF ndi amene anasakasaka ndalama, kampani ya Power Jets n'kubadwa mu 1936. Pa 12 Epulo 1937 injini yoyamba inalira mufakitale ya British Thomson-Houston ku Rugby. Inalira mopitirira muyeso: mafuta anali atadikha mkati, ndiye ngakhale anatseka valavu, iyo inangowonjezera liwiro ikukuwa, anthu n'kubalalika kukabisala. Mwini wake anatsala pomwepo. Kukanakhala kuti boma linaikapo ndalama kuyambira 1930, sindikhulupirira kuti Germany ikanayamba ndiyo. Koma inayamba: Heinkel He 178, ya injini ya Hans von Ohain, inauluka pa 27 Ogasiti 1939. Ya a Whittle, Gloster E.28/39, inadzauluka pa 15 Meyi 1941 ku Cranwell, Gerry Sayer ali pachiwongolero, kwa mphindi 17.

Ntchitoyi inawadya thanzi. Anadwala kangapo chifukwa cha kupanikizika maganizo, ndipo mu 1944 boma linatenga Power Jets kukhala yake. Anapuma usilikali mu 1948 ali Air Commodore, anawapatsa ulemu wa Sir ndi mapaundi 100,000. Ndalama zambiri ndithu, koma munthu anali atalandidwa kale mwayi wopanga injini zake. Pambuyo pake anasamukira ku America, n'kukagwira ntchito pa sukulu ya asilikali a panyanja ku Annapolis. Chosangalatsa n'choti iwo ndi a von Ohain, amene nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inawaika mbali zosiyana, anadzakhala mabwenzi, n'kumakamba limodzi za ntchito yawo pamaso pa anthu. Anamwalira ku Maryland, koma phulusa lawo analibweretsa ku Cranwell.

Pobwerera mnyamata sanagone m'basi monga amachitira. Wamva kuti ku Lutterworth, kumene Power Jets inkayesera injini zake, kuli chifanizo cha E.28/39 pakati pa raundabauti, ndipo kuti ndege yeniyeniyo ili ku Science Museum ku London. Akufuna zonse ziwiri sukulu isanatsegulidwe. Ndamuuza kuti tiyamba ndi Lutterworth poti m'pafupi, za London tikambirana ndi amayi ake.