Lachitatu la chiperoni ku Goliati

Chiperoni chinayamba usiku, kwacha kuli nkhungu. Pofika 7 koloko ophunzira a pa MUST, yunivesite ya sayansi ndi ukadaulo imene inatsegulidwa mu 2014 pa Ndata kuno ku Thyolo, anali atagawikana pawiri. Ogona m'mahositelo amapita ku kalasi wapansi, maambulera m'manja, akucheza. Ochita lendi kunja kwa mpanda ambiri amaimitsa kabaza, ena mtunda wosakwana ndi kilomita yomwe.

Vuto si kutalika. Munthu wamkulu amayenda mamita pafupifupi 80 pa mphindi, ndiye mamita 800 ndi mphindi 10 basi. Chimamukweza kabaza ndi katondo: akanyowa amaterera, amakakamira ku nsapato, ndipo palibe wofuna kulowa mu labu thalauzi lili matope okhaokha. Akaterereka kawiri katatu, kuyenda amakuyesa chilango, ndipo ngakhale kunja kuume, kabaza samusiyanso.

Masana mvula itakata kunaoneka tinjira tachidule todutsa pa kapinga. Pa sukulu iliyonse timeneti timasonyeza pamene anthu akufuna kudutsa, ndipo kuikapo chikwangwani choletsa n'kutaya penti. Nzeru ndi kuwakapo njira. Ikhale mamita 1.8 m'lifupi kuti njinga za olumala ziwiri zipatukirane, ipendekeke masentimita 2 pa mita iliyonse kuti madzi azitsikira mu ngalande. Ikakhala yathyathyathya madzi amadikha, ndere zimamera, konkire n'kumaterera kuposa dothi. Pokwera chitunda pasakhale masitepe okha. Pambali pakhale potsetsereka pokwera mita imodzi pa mamita 12 alionse. Mitengo ya mthunzi, monga m'bawa, ibzalidwe patali pang'ono ndi njira, apo ayi mizu imatukula konkire. Lero mthunzi sukufunika, koma dikirani Okutobala.

Madzulo ndi pamene panaoneka zenizeni. Nyengo ino mdima umagwa 6 koloko isanakwane. Pamene pali magetsi anthu amayenda mosathamanga, wina yekhayekha. Pamene magetsi athera, atsikana amadikirana kuti ayende gulu, kapena kuimbira wakabaza wodziwika. Babu imodzi yakupsa pa mphambano imatha kupha njira yonse, chifukwa munthu amaweruza ulendo potengera malo oopsa kwambiri.

Palinso za ulemu. Kwathu kuno woyenda wapansi amaoneka wosowa, ndipo ophunzira ambiri maloto awo ndi galimoto akangoyamba ntchito. Koma pamene aphunzitsi ndi ophunzira amadutsa njira imodzi, akupatsana moni, manyazi aja amachepa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata zolimbitsa thupi. Wopita ku kalasi, ku laibulale ndi kodyera mwandawala mphindi 30 pa tsiku amazikwanitsa pofika Lachisanu, osaponda pa bwalo la mpira.